Ulendo wa pamadzi kuchoka ku Moscow kukafika ku St Petersburg: mmene mungaukonzere

Kuchoka ku Moscow kupita ku St Petersburg pa sitima yapamtunda yothamanga ija yotchedwa Sapsan ndi maola anayi basi, koma pamadzi ulendo womwewo umatenga pafupifupi sabata yathunthu, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti achedwe choncho mwadala. Chomwe akulipiriracho ndi matauni akalekale omwe ali m'mbali mwa njirayo, Uglich, Yaroslavl, Goritsy, chilumba cha Kizhi, malo oti ena mwa iwo pa basi mungavutike zedi kufikako. Ngati mumalota zodzaona dziko la Russia tsiku lina, ine ndinganene kuti njira yake ndi imeneyi, koma muikonzekere mofatsa chifukwa zinthu zinasintha kwambiri kuyambira 2022.

Tiyambe ndi nkhani yolemetsayo. Kuyambira mu Febuluwale 2022 pomwe asilikali a Russia analowa mu Ukraine, makampani akuluakulu a kwa azungu ngati Viking omwe ankanyamula alendo pa mtsinje wa Volga anasiya kupitako. Otsala ndi makampani a ku Russia konko, Vodohod, Mosturflot, Infoflot ndi ena, ndipo sitima zawo zikuyendabe chaka ndi chaka, zodzaza ndi eni dziko. Nthawi zina mabwalo a ndege amatsekedwa kwa maola angapo chifukwa cha madroni, nde musamapanikize masiku, fikani ku Moscow kudakali masiku awiri sitima isananyamuke. Abale athu okhala ku UK dziwani kuti boma la kumeneko limalangiza anthu ake kuti asapite ku Russia, ndipo inshuwalansi zambiri zomwe mumagula kumeneko sizigwira ntchito mukapita dziko lomwe boma laletsa, choncho funsani musanagule. Ndipo chonde, munthu wina akakupatsani pepala lolembedwa m'Chirasha kuti musaine, kaya akuti ndi ntchito yabwino kaya ndi chani, musasaine chinthu chomwe simunachimve, pali achinyamata a ku Africa kuno omwe anapezeka ali kunkhondo mwa njira yoteroyo.

Viza. Pasipoti ya Malawi imafuna viza, ndipo ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa Russia, kazembe yemwe amayang'anira Malawi amakhala ku Harare, nde yambani msanga kufunsa za mapepala, miyezi itatu ulendo usanafike si kufulumira ayi. A ku Zambia ofesi muli nayo ku Lusaka komweko, ndipo amene ali ndi pasipoti ya South Africa amalowa opanda viza mpaka masiku 90. Viza ya mlendo wokaona malo imafuna kalata yokuitanani yochokera ku kampani yovomerezeka ya ku Russia, ndipo kampani ya sitimayo ndi imene ikuyenera kukupatsani kalatayo, ngati akuzembazemba pa nkhani ya kalata asiyeni mufune ena. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yoposa 6 viza ikadzatha. Pa bwalo la ndege adzakupatsani kapepala kakang'ono kolowera m'dziko, kasungeni mkati mwa pasipoti mpaka tsiku lotuluka, ku hotela ndi pa sitima amakafuna. Ndege zake mumadzera ku Addis Ababa, Dubai kapena Istanbul.

Ndalama ndiye mutu wina pawokha. Makhadi a Visa ndi Mastercard opangidwa kunja kwa Russia anasiya kugwira ntchito kumeneko mu Malichi 2022, ku ATM sagwira, mu shopu sagwira, ndiye mumayenda ndi kashi, madola kapena mayuro, n'kukasintha ku banki kuti mupeze ma ruble. Mapepala ake akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa ndi cholembera, opanda chidindo, chifukwa mabanki akumeneko amakana pepala lotopa kapena amalidula mtengo. Ndi mmene foreksi imavutira kwathu kuno, yambani kusonkhanitsa madolawo kudakali nthawi ndithu, ndipo sungani malisiti a komwe mwawagula. Mukanyamula zoposa madola 10,000 muyenera kulengeza polowa. Kulipira ulendowo muli kunja nakonso kumavuta chifukwa ndalama zotumiza pa banki nthawi zambiri sizidutsa, nde funsani kampaniyo mwachindunji kuti alendo akunja akulipira bwanji pakali pano, ambiri amadzera kwa ma ejenti. Sinthani ma ruble okwanira mudakali ku Moscow, m'timatauni ta m'njira nthawi yofunafuna banki simudzakhala nayo.

Za foni mwachidule: Facebook ndi Instagram anazitseka, WhatsApp nayo yakhala ikuvuta, kugula simu kwa mlendo kuli ndi mapepala ambiri masiku ano, ndipo pakati pa nyanja netiweki kulibiretu. Auzeni akunyumba kuti mukakhala zii masiku awiri asade nkhawa. Ikani mufoni Yandex Maps ndi pulogalamu yomasulira Chirasha yogwira popanda intaneti, nyamulani adaputa ya mano awiri obulungira chifukwa mapulagi athu a mano atatu aja salowa, ndipo phunzirani zilembo zawo, zilipo 33, mukaziloweza mumatha kuwerenga dzina la siteshoni nokha osafunsa munthu. Nthawi ya ku Moscow ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi.

Sitimazi zimayenda kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, nyengo yozizira madzi amaundana. Meyi ndi wotchipa koma kumazizira, makamaka mukamayandikira kumpoto. Juni ndi Julayi ndi nthawi yomwe ku St Petersburg sikuda kwenikweni, 11 koloko usiku kunja kukuoneka ngati madzulo, koma mitengo ya matikiti imakhala pamwamba ndipo udzudzu wa m'nkhalango za Karelia, chigawo chakumpoto komwe kuli Kizhi, si wocheza, ulibe malungo koma umaluma zedi, tengani mankhwala opaka. Ine ndimakonda kumapeto kwa Ogasiti ndi Seputembala, masamba akuyamba kufiira, ana abwerera kusukulu, phokoso lachepa, kungoti nyanja zikuluzikulu zija zimayamba kukalipa nthawi imeneyo. Mwezi uliwonse omwe mungasankhe, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, juzi ndi nsapato zoyendera zofewa musasiye.

Tsopano pomwe anthu ambiri amalakwitsa, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse. Posankha sitima anthu amayang'ana zithunzi za kuchipinda, za malo odyera, kaya kuli bala zingati, n'kuiwala kuwerenga ndandanda ya maola. Sitima ziwiri zitha kulemba kuti zonse zimaima ku Yaroslavl, koma ina imaima maola atatu ina tsiku lonse, ina imafika ku Kizhi m'mawa kukuwala bwino ina madzulo kukugwa mdima, ndipo zina ku Kizhi sizipitako n'komwe, zimangodula nyanja ya Onega cha kummwera n'kulowa mu mtsinje wa Svir. Apempheni akutumizireni ndandanda yonse yolemba ola lofika ndi ola lonyamuka pa doko lililonse, muwerenge maola omwe mudzakhale pamtunda, mufanizire ndi sitima ina. Sitima yakale yoima nthawi yaitali m'malo abwino imaposa yatsopano yonyezimira yongodutsa. Zambiri mwa sitimazi zinapangidwa ku East Germany m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kenako anazikonzanso mkati, ndi zolimba ndithu, pomwe Mustai Karim ya Vodohod yomwe inayamba kuyenda mu 2020 ndi yatsopano koma yodula. Funso lachiwiri likhale la chilankhulo, chifukwa pa sitima zambiri zonse zimachitika m'Chirasha, zolengeza, menyu, ofotokoza mbiri m'matauni, nde funsani ngati pa ulendo wa tsiku limenelo padzakhale wofotokoza m'Chingerezi, ndipo akuyankheni polemba.

Chipinda sankhani chonchi. Zapansi penipeni zili ndi timawindo tobulungira tosatsegula, ndi zotchipa, ndipo ngati ndalama zavuta tengani chomwecho chifukwa masana onse mumakhala panja. Pewani zakumbuyo pafupi ndi injini, kumanjenjemera usiku wonse, pewaninso zoyandikana ndi bala chifukwa nyimbo zimalira mpaka usiku. Zapakati pa sitima ndiye zabwino, sizigwedezeka kwambiri pa mafunde. Pa sitima zakalezi windo la chipinda limayang'ana pakhonde pomwe anthu amadutsa, nde katani imakhala yotseka nthawi zambiri. Chakudya katatu pa tsiku chimakhala mkati mwa mtengo wa tikiti, phala m'mawa, masana supu, kaya borsch ya bitiruti, kaya shchi ya kabichi, kaya ukha ya nsomba, kenako nyama kapena nsomba ndi mbatata, buledi wakuda pambali, tiyi osatha. Nsima kulibe abale, konzekerani mtima, ndipo ngati mumakonda tsabola nyamulani kabotolo kanu chifukwa chakudya chawo sichiwawa. Pa sitima zina anthu amadya m'magulu awiri, tebulo lanu ndi lomwelo ulendo wonse, ndipo mumasankhiratu lero zomwe mudzadye mawa.

Ku Moscow sitima zimanyamukira pa doko lakumpoto, Severny Rechnoy Vokzal, nyumba yokongola ya 1937 yokhala ndi nsanja ndi nyenyezi pamwamba, anaikonzanso n'kuitsegula mu 2020, ndipo siteshoni yake ya metro, sitima yoyenda pansi pa nthaka, ndi Rechnoy Vokzal. Masiku omwe mwafika msanga aja kaoneni bwalo la Red Square ndi Kremlin, linga lakale lomwe ndi likulu la boma, kungoti Lachinayi Kremlin amatseka. Sitima ikanyamuka imalowa mu ngalande ya Moscow, makilomita 128 mpaka ku Volga. Ngalandeyi inakumbidwa kuyambira 1932 mpaka 1937 ndi akaidi a nthawi ya wolamulira Stalin, ndipo masauzande ambiri anafera pantchitopo, ndi bwino kuzidziwa zimenezi pomwe mukusirira ziboliboli ndi nsanja zokongola za m'mbali mwake. Muno ndi momwe mudzaonere koyamba maloko, zipata za madzi zija, sitima imalowa m'chipinda chachikulu cha konkire, chitseko chitsekedwa kumbuyo, madzi ayamba kutsika ndipo sitima yonse ikutsika nawo mpaka makoma onyowa akutalikirani mbali zonse, kenako chakutsogolo chitseguka. Pa ulendo wonse alipo opitirira 15, ambiri mumawadutsa muli mtulo, koma loyambalo dzukani mukaone.

Mukalowa mu Volga, womwe ndi mtsinje wautali kuposa yonse ku Ulaya, makilomita oposa 3,500, funsani ogwira ntchito kuti ku Kalyazin mudutsa nthawi yanji. Pamenepo pali nsanja ya belu ya tchalitchi cha 1800 yomwe yaima pakati pa madzi yokhayokha, mbali ya tauni yomwe inaizungulira inamira pomwe anamanga damu la Uglich cha m'ma 1940. Sitima zambiri siziima, zimangodutsa, nde mukakhala mukusamba nthawi imeneyo basi yakupitani.

Uglich ndi kang'ono koma nkhani yake ndi yaikulu, ndipo mukaidziwa musanatsike mudzasangalala kwambiri. Mu 1591 mwana wa mfumu Ivan the Terrible, dzina lake Dmitry, wa zaka 8, anapezeka atafa pabwalo ali ndi bala la mpeni pakhosi. Ofufuza a boma anati anagwera mpeni yekha khunyu itamugwira akusewera, koma anthu a m'tauniyo sanakhulupirire, ankaloza chala Boris Godunov yemwe ankayendetsa dziko nthawiyo ndipo anadzakhala mfumu pambuyo pake. Belu la tchalitchi litalira anthu anasonkhana n'kupha akuluakulu omwe ankawaganizira. Boma linalanga anthuwo, koma linalanganso belulo ngati munthu, analikwapula, analizula lilime, analidula khutu lopachikira, n'kulitumiza ku Tobolsk ku Siberia, ndipo linabwerako mu 1892 patatha zaka 300. Lero lili m'katchalitchi kofiira ka madenga abuluu okhala ndi nyenyezi komwe anamanga mu 1692 pamalo pomwe mwanayo anafera, m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kuchoka pa doko mumangoyenda wapansi. Imfa imeneyi inathandiza kuti banja lachifumu lakale lithe, dziko linalowa m'chipwirikiti cha zaka zambiri mpaka banja la Romanov linatenga ufumu mu 1613. Pakati pa doko ndi tchalitchi pali timisika ta nsalu, mawotchi ndi zidole zamatabwa, ndipo mitengo yake ndi yabwino kuposa ku Moscow.

Yaroslavl ndi mzinda weniweni, waukulu, unayamba cha m'ma 1010, ndipo nthano yake imati kalonga Yaroslav anapha chimbalangondo ndi nkhwangwa pamalopo, n'chifukwa chake chimbalangondo chonyamula nkhwangwa chili pa chizindikiro cha mzindawu. Pakati pa tauni pali m'kaundula wa UNESCO kuyambira 2005. Nthawi ikachepa lowani mu tchalitchi cha mneneri Eliya chomwe anamaliza mu 1650, makoma onse mkati ndi zithunzi zojambula pamanja kuyambira pansi mpaka kudenga, kenako muyende m'mbali mwa mtsinje mpaka pomwe Kotorosl amathira mu Volga. Si sitima zonse zomwe zimafikako chifukwa pamafunika kupatuka pang'ono n'kubwereranso, zina m'malo mwake zimaima ku Myshkin, katauni kabata kokhala ndi nyumba yoonetsera zidole za mbewa. Mukapatsidwa mwayi wosankha, Yaroslavl.

Kenako mudutsa damu la Rybinsk, lalikulu moti tsidya lina silioneka. Pansi pa madziwo pali tauni ya Mologa ndi midzi mazanamazana, anthu pafupifupi 130,000 anasamutsidwa pomwe madzi anayamba kudzaza mu 1941. Kuchoka apo mulowa mtsinje wa Sheksna mpaka ku Goritsy, komwe kuli nyumba ya masisitere yomwe kale mafumu ankatsekeramo akazi a kubanja lachifumu omwe sankawafuna, ndipo basi imakutengani makilomita ochepa kupita ku nyumba ya amonke ya Kirillo-Belozersky yomwe inayamba mu 1397, malinga ake akuluakulu ngati a asilikali, m'mphepete mwa nyanja ya Siverskoye. M'malo opemphereramo ngati amenewa amayi amafunda kumutu ndi kuvala siketi yaitali, abambo amavula chipewa ndipo kabudula salola. Amayi ikani chitenje ndi duku m'chikwama chamanja, mukafika pakhomo mungomanga pamwamba pa thalauza basi nkhani yatha. Musajambule amonke kapena anthu akupemphera musanapemphe, ndipo mkati mulibe mipando, mapemphero awo amaimirira.

Mukadutsa nyanja ya Beloye ndi maloko 6 a ku Vytegra omwe amatsitsa sitima pafupifupi mamita 80, mwafika pa nyanja ya Onega, ndipo kumpoto kwake ndi komwe kuli Kizhi. Kunena zoona malo amenewa ndi omwe ndimauzira anthu kuti asalole tikiti yopanda dzina limeneli. Ndi kachilumba kakang'ono ka udzu, ndipo sitima ikamayandikira mumaona tchalitchi cha matabwa okhaokha chotalika mamita 37, cha 1714, chokhala ndi timitu tobulungira 22 tosanjikizana kukwera m'mwamba, tofoleredwa ndi timatabwa ting'onoting'ono ta mtengo wa aspen tomwe dzuwa likawomba timawala ngati siliva, kukachita mitambo timada. Makoma ake ndi zipika zolumikizana popanda msomali, amisiri ankangosema ndi nkhwangwa n'kulowetsana, misomali ili pa timatabwa ta padenga tokha. Nthano imati mmisiri wake atamaliza anaponya nkhwangwa yake m'nyanja kuti pasadzamangidwenso china chofanana nacho. Pambali pake pali tchalitchi china cha timitu 9 chomwe ankapemphereramo nyengo yozizira, ndi nsanja ya belu, zonse zili m'kaundula wa UNESCO kuyambira 1990, komanso anasonkhanitsapo nyumba zakale za alimi, zigayo zoyendera mphepo ndi timatchalitchi kuchokera m'midzi ya Karelia. Lowani m'nyumba ya mlimi muone mmene banja, ziweto, udzu wa ziweto ndi bwato zonse zinkakhalira pansi pa denga limodzi kuti chisanu chikafika munthu asatuluke panja. Fodya amaletsa kupatula malo omwe anaika, chifukwa chake n'chodziwikiratu, ndipo yendani m'tinjira tomwe anakonza, m'maudzumo muli njoka zaululu.

Mtsinje wa Svir umalumikiza Onega ndi Ladoga, ndipo sitima zambiri zimaima pa Mandrogi, mudzi womwe unapsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kumangidwanso mu 1996 kuti alendo azicheza. Ndi malo ogulitsirapo zinthu basi, nyama yootcha, mapayi, amisiri osema ndi oluka, pumulani, idyani, koma musawerengere maola a pamenepa ngati maola a mbiri yakale.

Ladoga ndi nyanja yaikulu kuposa zonse ku Ulaya, ngakhale yathu ya Malawi imaiposa, ndipo amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa mmene nyanja imasinthira nkhope, Ladoga nayo ndi choncho. Sitima zamumtsinjezi si zozama pansi, mafunde akakula kapitawo wa sitima amadikira kapena kusintha njira, ndipo chilumba cha amonke cha Valaam chomwe chili kumpoto kwa nyanjayi nthawi zina chimadumphidwa pa chifukwa chimenechi, musakakangane nawo, akuteteza moyo wanu. Ngati mumachita chizungulire pamadzi imwani mankhwala musanalowe m'nyanjamo. Pa nyanja yomweyi ndi pomwe panadutsa njira yopulumutsira anthu pomwe asilikali a Germany anazinga Leningrad, dzina la St Petersburg nthawi imeneyo, kwa masiku 872 kuyambira 1941 mpaka 1944, malole ankayenda pamwamba pa madzi oundana kulowetsa ufa ndi kutulutsa ana mumzinda momwe anthu ankafa ndi njala.

Lamulo limodzi la pa doko lililonse: ola lonyamuka amalilemba pakhomo potsikira, lijambuleni pafoni, ndipo bwererani kudakali mphindi 30. Sitima sidikira munthu chifukwa ili ndi nthawi yake yolowera m'maloko, ikakusiyani ku Goritsy kuipezanso ndi ndalama zanu. Pogula zokumbukira pewani zithunzi zakale za m'tchalitchi, mamendulo ndi zinthu zina zamakedzana, kutuluka nazo m'dziko kumafuna chilolezo cha boma, gulani zatsopano. Asilikali, apolisi ndi malo awo musajambule, ndipo nkhani za ndale ndi nkhondo musaziyambitse pa tebulo kapena kuzilemba pa intaneti muli konko, malamulo awo pa nkhani imeneyi ndi okhwima kwambiri.

Kuchoka mu Ladoga mulowa mtsinje wa Neva, makilomita 74 okha, n'kufika ku St Petersburg, mzinda womwe mfumu Peter the Great anayambitsa mu 1703. Doko la sitimazi lili patali ndi pakati pa tauni, nde ngati tikiti yanu ikuthera pa tsiku lofika, pezani hotela ya pakati mugone masiku atatu. Hermitage, nyumba yaikulu yoonetsera zaluso ndi zakale, ipatseni tsiku lathunthu koma lisakhale Lolemba chifukwa amatseka, tsiku lina mupite ku nyumba yachifumu ya Peterhof kunja kwa mzindawu kukaona akasupe a madzi, ndipo usiku umodzi mudikire milatho ya pa Neva ikamatseguka cha m'ma 1 koloko kuti sitima zikuluzikulu zidutse. Onetsetsani kuti mwaima tsidya lomwe kuli hotela yanu, chifukwa mlatho ukakwera ena satsika mpaka cha m'ma 5 koloko m'mawa. Pobwerera ku Moscow kukakwera ndege tengani Sapsan pa siteshoni ya Moskovsky, tikiti muguliretu masiku angapo m'mbuyo, ndipo pasipoti ikhale m'manja chifukwa amaiona pakhomo la sitima musanakwere.